Injini Ikamakana Kutentha, Kamuvi N'kukakamira Pansi

Galimoto yanga yachiwiri ndinagula yoyendapo kale, kwa munthu wamba. Tikuiyesa pamsewu, mwiniwake anandilozera geji ya kutentha kwa injini, nkhope ili mwee. "Mwaona, achimwene? Iyi siitentha ayi. Muyende tsiku lonse, kamuvi sikafika n'pakati pomwe." Ndinagwedeza mutu mokhutira. Nthawi imeneyo ndinkadziwa tsoka limodzi lokha, lija loti nthunzi yayamba kufuka m'boneti munthu uli pakati pa ulendo. Zoti injini ingadwalenso ndi kuzizira sindinkaziganizira n'komwe.

Patatha miyezi itatu ndinayamba kudabwa. Mafuta ankatha ngati thanki yabooka. Kumapeto kwa ekizozi kunali mwaye woti ukapisako chala chimatuluka chili bii. M'mawa kukazizira, ndikayatsa hita kuti ichotse nkhungu pagalasi, inkangopuma kamphepo kofunda mwaulesi. Tsiku lina nditatsegula pothirira oyilo ndinapeza kunsi kwa chotsekera kwamatirira zinthu zoyera motuwira, zonanda ngati mafuta odzola. Zonsezi gwero lake linali limodzi, lomwe lija wogulitsa ankanyadira.

Kuzizira kumawononga chiyani?

Injini zambiri za magalimoto ang'onoang'ono zinapangidwa kuti zikamagwira ntchito madzi ake azikhala pakati pa madigiri 85 ndi 105 pa muyeso wa Celsius. Amene anazipanga anayeza mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda akudziwa kuti zitsulo zidzafufuma zikatentha, ndipo anasankha oyilo akudziwa kuti adzayenderera bwino pa kutentha kumeneko. Injini imene ikuthera pa madigiri 60 kapena 65 ndiye kuti tsiku lonse ikuyenda ngati yangolizidwa kumene.

Petulo sasanduka mpweya bwino m'injini yozizira. N'chifukwa chake kompyuta ya galimoto ikaona kuti madzi sanatenthe imawonjezera mafuta, monga mmene choki inkachitira pa magalimoto akale a kabureta. Kwa mphindi zochepa za m'mawa, zimenezi n'zoyenera. Koma zikakhala za ulendo wonse, petulo wotsala amatsuka oyilo m'makoma a silinda, wina n'kutsikira pansi kukasukulutsa oyilo, wina n'kusanduka mwaye pa mapulagi ndi mu ekizozi.

Palinso nkhani ya madzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ali ngati nthunzi. Yambiri imatulukira ku ekizozi, koma ina imazembera m'mbali mwa mapisitoni n'kukafika kumene kuli oyilo. Injini yotentha bwino imaithamangitsa. Yozizira imaisunga, ndipo ikasakanikirana ndi oyilo ndiye zoyera zija ndinapeza pa chotsekera. Musathamangire kunena kuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa mukangoziona. Ngati madzi sakuchepa, ndipo oyilo wa pa kachitsulo koyezera ali bwinobwino, kawirikawiri imakhala nthunzi chabe.

Magalimoto ena a otomatiki salowa giya yomaliza mpaka injini itafunda, ndiye mumamva ikungokuwa pamsewu woyalala. A dizilo amene ali ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF ndiye amavutika kwambiri, poti kompyuta siyamba kuwotcha mwaye wa mu sefayo ngati madzi sanafike pa kutentha koyenera. Mapeto ake sefa imatsekeka, mwini galimoto n'kumalimbana ndi sefa pomwe wolakwa ali kwina.

Yambani ndi madzi, musanakhudze china chilichonse

Apa ndiima pang'ono, chifukwa pali msampha umene umapha injini. Sensa ya kutentha imayeza madzi, siiyeza chitsulo. Madzi akachepa kwambiri, kapena mpweya ukatsekeredwa pamene pali sensapo, nsonga yake imakhala pouma. Kamuvi kamatha kutsika, kapena kumangovina uku ndi uku, pomwe mutu wa injini ukupsa. Woyendetsa amaona geji ili pansi n'kumati zonse zili bwino, mpaka injini itaima yokha.

Choncho ngati kamuvi katsika mwadzidzidzi muli pa ulendo, hita n'kuyamba kuuzira mphepo yozizira nthawi yomweyo, makamaka mukamvanso fungo lotsekemera kapena injini ikuchepa mphamvu, imani pambali ndi kuzimitsa. Imeneyo si injini yozizira ayi, ndi injini yopanda madzi.

Kuyang'ana madzi kumafuna injini itaziziratu. Ikatentha, m'kati mumakhala mphamvu ya mpweya pafupifupi bar imodzi kapena kuposerapo, ndipo madzi amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukangomasula chotsekera amawira nthawi yomweyo n'kukuthovokerani kumaso. Ikazizira, onani kabotolo ka pambali ngati madzi ali pakati pa mizere iwiri ija. Ngati rediyeta yanu ili ndi chotsekera chakechake, tsegulaninso pamenepo, chifukwa kabotolo kamatha kukhala kodzaza rediyeta ili ndi ludzu. Madzi akakhala okwana, pumani pang'ono. Zotsalazi si zoopsa lero lomwe, ndipo mutha kuzifufuza modekha.

Ndi injini imene yazizira, kapena geji ikunama?

Funso ili ndi limene limapulumutsa ndalama. Anthu ambiri amagula thermostat, kachitseko kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi yopita ku rediyeta, pomwe yafa ndi sensa, ena n'kugula sensa pomwe yafa ndi thermostat.

Mboni yoyamba ndi hita. Madzi opita ku hita sadikira thermostat, amachokera m'injini mwachindunji. Yendani mphindi 15 kapena 20, kenako ikani hita pa kutentha kothera. Ngati ikuotcha zala koma kamuvi kali pansi, kayikirani geji kapena sensa yake. Ngati ikungofunda ndipo kamuvi kali pansi, mboni ziwirizi zikugwirizana: injini ndi yoziziradi.

Mboni yachiwiri, yomwe ndimaikhulupirira koposa, ndi kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto. Magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996 ali ndi polumikizira pa OBD-II, pa mano 16, nthawi zambiri kunsi kwa chiwongolero. Ku Ulaya lamulo lokakamiza polumikizira potere linafika pa magalimoto a petulo mu 2001, a dizilo n'kutsatira patapita zaka zochepa. Kachipangizo kakang'ono ka mtundu wa ELM327 kamalumikizana ndi foni n'kukuonetsani kutentha kwenikweni m'manambala. Magalimoto ena akale amene anapangidwira msika wa ku Japan samvana ndi tizipangizo totere, ndiye amafuna makina a kugalaja.

Manambalawa ndi ofunika chifukwa geji ya magalimoto ambiri amakono imabisa zinthu. Anaikonza dala kuti kamuvi kaziima pakati mpaka kutentha kutasintha kwambiri, kuti woyendetsa asamade nkhawa ndi kukwera ndi kutsika kwa masiku onse. Ndiye mukaona kamuvi katsika pa galimoto yotere, dziwani kuti kuzizirako si kwa masewera. Magalimoto ena alibe n'geji yomwe, ali ndi kanyali kabuluu kamene kamazima injini ikafunda. Kakamachedwa kuzima kusiyana ndi kale, kapena kakayakanso mukutsetsereka, uthenga wake ndi womwewo.

Mukalumikiza kachipangizoko, onaninso ngati pali makodi, manambala amene kompyuta imasunga ikaona vuto. P0128 imanena mosabisa kuti madzi sakufika pa kutentha kumene thermostat imayenera kusunga. P0125 ndi m'bale wake, yoti injini yachedwa kufunda mokwanira kuti kompyuta iyambe kuyeza mafuta mwa nthawi zonse. Makodi oyambira P0115 mpaka P0119 akuloza sensa ndi mawaya ake.

Amene ali ndi choyezera kutentha cha infrared, chija chokhala ngati kamfuti, angalozetse pa kanyumba ka thermostat kapena pamene paipi ikutulukira m'injini. Kungoti chitsulo chonyezimira chimachinamiza, chimaonetsa manambala otsika. Lozetsani pa labala wakuda kapena pamalo opakidwa penti, muli pafupi.

Thermostat, amene amapezeka wolakwa nthawi zambiri

Thermostat imakwana m'dzanja. M'kati mwake muli kabotolo kachitsulo kodzaza phula lapadera. Madzi akafika pa kutentha kwina phulalo limasungunuka n'kufufuma, n'kukankha kamtengo kachitsulo kamene kamatsegula khomo lopita ku rediyeta. Madzi akazizira phula limanyala, sipuling'i n'kubweza chitseko. Pa zambiri palibe magetsi, palibe kompyuta. Kutentha kumene imayambira kutseguka kumadindidwa pa chitsulo chake: 82, 88, mwina 92. Zina zimalembedwa m'muyeso wa Fahrenheit, ndipo 180 ndi madigiri 82, pamene 195 ndi pafupifupi 90.

Anthu ambiri amaganiza kuti thermostat ntchito yake n'kuziziritsa injini. Si choncho. Yoziziritsa ndi rediyeta, ndipo inapangidwa yaikulu mokwanira tsiku loipitsitsa: galimoto yodzaza katundu, ikukwera chitunda, dzuwa likuswa mtengo. Masiku ena onse rediyeta ili ndi mphamvu yoposa imene ikufunika. Thermostat ndiye mlonda woletsa rediyeta kupitirira muyeso. Mlondayo akagona chitseko chili chotsegula, injini imazizira monga mmene mphepo yafunira.

N'chifukwa chake matendawa ali ndi kayendedwe kodziwika. Mukakhala mu mdipiti wa magalimoto, kapena mwaima injini ikulira, kamuvi kamakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamalo pake. Mukangotulukira pamsewu wopanda chotchinga n'kuthamanga, kamayamba kubwerera. Pamtsetse wautali, phazi mutalichotsa pa moto, kamagweratu. Ambiri zimawasokoneza, amati injini yothamanga ndiyo iyenera kutentha. Koma mphepo yowomba pa rediyeta pa liwiro la makilomita 100 pa ola ndi yochuluka kwambiri, ndipo pamtsetse injini zamakono zimadula mafuta, ndiye palibe moto wobwezera kutentha kumene kukuchoka. Mukaona kayendedwe kameneka, mwatsala pang'ono kumugwira. Sensa yakufa siidziwa kuti muli pamtsetse kapena pachitunda.

Kuti mutsimikize, yesani ndi dzanja m'mawa, galimoto itagona usiku wonse. Tsegulani boneti, zimitsani hita ndi AC, lizani injini. Gwirani paipi yaikulu ya pamwamba, chakufupi ndi rediyeta, zala ndi malaya zili kutali ndi fani ndi malamba. Kenako dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mungadikire mphindi khumi kapena kuposa.

Thermostat yabwino imadziwika chonchi: kamuvi kakukwera, injini ikufunda, koma paipi ili zii m'dzanja lanu. Mphindi zisanu, zisanu ndi zitatu, idakali yozizira. Kenako kamuvi katayandikira pakati, paipi imatentha mwakamodzi, moti mumachotsa dzanja musanaganize. Apo ndiye chitseko chatseguka. Thermostat yokakamira potsegula ilibe mphindi yoteroyo. Paipi imayamba kufunda patangopita mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kumafunda limodzi ndi injini, pang'onopang'ono, osafika pootcha.

Pali kanthu kamodzi kamene kamasokoneza ngakhale odziwa. Si injini zonse zili ndi thermostat pa paipi ya pamwamba. Zambiri za Toyota, Honda ndi Subaru zili nayo pamene paipi ya pansi imalowera m'injini. Pa injini zotere paipi ya pamwamba imatha kufunda chakufupi ndi injini ngakhale thermostat ili yotseka, chifukwa palibe chotchinga pamenepo ndipo madzi otentha amakwera okha. Ndiye musaweruze ndi paipi ya pamwamba yokha. Gwirani thupi la rediyeta ndi paipi ya pansi. Ngati zonse zikufunda limodzi ndi injini kuyambira pachiyambi, madzi akuzungulira nthawi isanakwane. Pa magalimoto okhala ndi chotsekera pa rediyeta penipeni, muthanso kutsegula injini isanalizidwe, ili yozizira, n'kusuzumira. Mukaliza, madzi n'kumaoneka akuthamanga ngati kamtsinje nthawi yomweyo, yankho mwalipeza.

Tsiku limene ndinamasula kanyumba ka thermostat pa galimoto yanga ija ndinali nditagula kale yatsopano, kuti ndiziyerekeze ziwirizo. Mabawuti awiri, kugogoda pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva, kanyumba n'kuchoka. Ndinasuzumira, ndinapisa chala. Munalibe kanthu. Munangotsala mkombero wa guluu wofiira wa gasiketi ndi dzimbiri. Winawake anaichotsa kalekale.

Zimenezi n'zofala. Galimoto ikayamba kuwira, pali amakaniko amene mankhwala awo oyamba ndi kuchotsa thermostat n'kuitaya, amvekere, "Izi n'za kumayiko ozizira, bwana." Ena amadula pakati n'kubwezera mkombero wokha kuti pasadonthe. Sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Kunja kutatentha chotani, mpweya sufika madigiri 90, ndiye injini imafunabe mlonda wake. Komanso pa injini zambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri kumunsi, kamene kamatseka njira yachidule yobwezera madzi m'injini osadzera ku rediyeta. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotsegula nthawi zonse, ndiye galimoto imazizira pamsewu koma n'kumatenthabe pa ntchito yolemetsa. Mwapeza mavuto awiri m'malo mwa limodzi.

Mukaipeza ilimo, iyang'anitseni ili yozizira. Ilozetseni kowala. Pasaoneke mpata uliwonse pakati pa chitseko ndi pokhalira pake. Nthawi zina mupeza yatsegukiratu, nthawi zina kalabala ka pachitseko kanyenyeka, nthawi zina kachidutswa ka dzimbiri kapena ka guluu kapanikizika pakati. Zilipo zina zimene zinapangidwa ndi tizingwe tachitsulo toti injini ikangowira kamodzi, timakola chitseko chili chotsegula, osabwereranso. Zimenezo zimakuuzani kuti injiniyi inawirapo.

Ikaoneka yotseka bwino, iphikeni. Imangeni ndi kawaya, ilendewere m'poto wa madzi osagunda pansi, muike choyezera kutentha m'madzimo, n'kuyatsa moto. Iyenera kuyamba kuyasama pafupi ndi nambala yodindidwa ija, n'kutsegukiratu madigiri 10 mpaka 15 pamwamba pake. Yotopa imayamba msanga, mwina pa 65 kapena 70. Mukachotsa pamoto ionetsetseni ikutsekanso mpaka kumapeto. Kumbukirani kuti kumalo okwera madzi amawira asanafike 100, amatsika pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse, ndiye thermostat ya 92 mwina simuiona itatsegukiratu. Ine ndimaphika ndi yatsopano yomwe ndisanaiike, chifukwa ndinaikapo ina yochokera m'bokosi imene inali yakufa kale. Potoyo asabwererenso kukhitchini.

Injini ikakhala yotentha bwino koma geji ikukana

Apa ndiye nkhani ya sensa. Magalimoto akale ambiri ali ndi ziwiri: ina ya waya umodzi yopita ku geji, ina ya mawaya awiri yopita ku kompyuta. Ya geji ikafa, galimoto imayenda bwinobwino, mafuta osasintha, kamuvi kokha n'kumanama. Ya kompyuta ikafa, kamuvi kamakhala pakati koma galimoto ikumwa mafuta ndi kutulutsa utsi wakuda. Amakono ambiri ali ndi imodzi yotumikira zonse.

Masensa amenewa amachepetsa kukaniza magetsi akamatentha. Ambiri amaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Mukhoza kuyeza ndi multimeter, choyezera magetsi, koma manambala enieni onani m'buku la galimoto yanu. Chofunika kumvetsa n'chakuti chilichonse chowonjezera kukaniza panjira, kaya ndi dzimbiri lobiriwira pa mano a pulagi, kaya waya wotsala pang'ono kuduka, kompyuta imachiwerenga ngati kuzizira. Waya akadukiratu, kachipangizo kowerengera kompyuta kaja kamaonetsa madigiri 40 pansi pa ziro. Mukaona nambala imeneyo musavutike ndi thermostat, tsatirani mawaya. Kangapo konse ndapeza kuti kutsuka pulagi n'kuikhazika bwino kwathetsa nkhani yonse.

Mayeso osavuta kuposa onse ndi awa. Galimoto itagona usiku, tembenuzani kiyi osaliza injini, n'kuyerekeza kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa m'injini. Zonse zagona malo amodzi, ndiye ziyenera kufanana, kusiyana kwake madigiri awiri kapena atatu basi. Mpweya ukamati 22 madzi n'kumati 5, sensa ikunama.

Fani

Za fani sindichulutsa. Ngati ya magetsi ikuyamba kuzungulira mukangotembenuza kiyi, injini ili yozizira, AC ili yozima, pali cholakwika: relay, kaswitchi kamene kamaiyatsa, yakakamira, kapena wina anailumikiza mwachindunji, kapena kompyuta yataya chikhulupiriro mwa sensa ndiye ikuizunguza podziteteza. Dziwani kuti pa magalimoto ambiri batani lochotsa nkhungu pagalasi limayatsanso AC, fani n'kuzungulira, ndipo zimenezo si vuto. Fani yoyendera lamba, ya kilatchi ya mafuta, ikagwirana imabangula ngati ndege nthawi zonse, ndipo injini itazima imalimba mukaizunguza ndi dzanja.

Koma fani payokha siiziziritsa injini kwambiri ngati thermostat ili bwino, poti madzi ozizira a mu rediyeta alibe polowera. Mukapeza fani yolumikizidwa mwachindunji ndipo injini ikuzizira, tsegulaninso kanyumba kaja. Dzanja limene linalumikiza fani kawirikawiri ndi lomwelo linataya thermostat.

Pamene palibe chakufa

Injini za dizilo zamakono zimataya kutentha kochepa, ndiye zimachedwa kufunda, ndipo kunja kukazizira kwambiri, hita ili pamapeto, galimoto itangoima, kamuvi kamatha kutsika pang'ono popanda vuto. Magalimoto a hybrid ngati Toyota Prius amazimitsa injini pafupipafupi. Ndipo ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ndi makilomita atatu, injini iliyonse ifika isanatenthe. Muyeso wake ndi wakuti: mukayenda mphindi 20 pamsewu, ifike pa kutentha kwake ndipo ikhale pomwepo, kaya mukukwera kaya mukutsika.

Ma dizilo ena ali ndi thermostat yoposa imodzi. Injini za BMW za M47 ndi M57, mwachitsanzo, zili ndi ina yaing'ono pa choziziritsira utsi wa EGR, utsi umene umabwezedwa m'injini, ndipo imeneyo ikakakamira potsegula injini imazizirabe ngakhale yaikuluyo ili yatsopano. Magalimoto ena a otomatiki ali nayo ina pa choziziritsira oyilo wa giyabokosi. Palinso ma thermostat okhala ndi kawaya kotenthetsa phula, kuti kompyuta izitha kutsegula msanga injini ikalemedwa. Makodi ake ndi P0597, P0598 ndi P0599.

Zotchinga rediyeta ndi katoni zisiyeni. Kamuvi kakwera ndithu, koma tsiku limene mudzaiwale katoniyo mukukwera chitunda mudzalipira mutu wa injini.

Poika yatsopano, ndi chifukwa chake vutoli limabwerera

Gulani ya nambala imene opanga galimoto analemba, osati yotsika poganiza kuti mukuichitira chifundo injini. Mbali ya sipuling'i ndi kabotolo ka phula iloze m'injini. Ngati pa mkombero pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kakhale pamwamba, chifukwa ndi potulukira mpweya. Palani pokhalira pake pakhale poyera, ikani labala kapena gasiketi yatsopano, ndipo musapake guluu wambiri, poti wotsalayo ndi amene amakapanikizika pa chitseko. Mabawuti ake ndi aang'ono ndipo amalowa mu aluminiyamu kapena pulasitiki. Ambiri amafuna mphamvu yozungulira 10 Nm, imene ili yochepa kuposa mmene dzanja limaganizira.

Madzi akale akhetsereni m'beseni, musawasiye poyera. Coolant wambiri, mankhwala osakaniza ndi madzi a injini, ali ndi ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi amphaka. Pothira watsopano tsatirani mtundu umene buku lanena, kawirikawiri theka coolant theka madzi oyera, pokhapokha ngati ndi wosakaniza kale. Thirani pang'onopang'ono, hita ili pa kutentha, mutsegule tomasulira mpweya ngati tilipo, mufinyefinye mapaipi, n'kuisiya injini ilire mpaka thermostat itatseguka ndi fani itazungulira. Ikazizira onaninso madzi, mawa lakenso chimodzimodzi. Mukasiya mpweya m'kati mubwerera ku msampha uja tinayamba nawo. Ngati galimoto yayenda miyezi ili yozizira, sinthaninso oyilo ndi sefa yake, chifukwa muli petulo ndi madzi.

Vutoli likabwerera patangopita miyezi, kawirikawiri zifukwa zake sizichoka pa izi: thermostat yachinyengo yosadziwika kumene inapangidwa, madzi wamba opanda coolant amene adzaza dzimbiri m'njira zonse, pokhalira podyeka moti madzi akudutsa m'mbali, kapena injini imene ikumawira mwakabisira n'kuononga phula.

Yanga ija itaikidwa thermostat, kamuvi kanafika pakati m'mphindi zisanu ndi ziwiri, hita n'kuyamba kuotcha. Ndinasangalala sabata imodzi. Lamlungu lotsatira, nditanyamula anthu anayi pa chitunda chachitali, kamuvi kanadutsa pakati n'kumalowera kofiira. Ndinaima, n'kudikira kuti izizire pang'ono ndi kuti fani isiye, kenako ndinayendetsa chikhatho pa rediyeta kuchokera mbali ina kupita ina. M'mbali munali motentha, koma pakati, malo aakulu ngati zikhatho ziwiri, panali pozizira. Timachubu ta pamenepo tinali titatsekeka ndi dzimbiri, ndipo ndi chimene chinachititsa munthu uja kutaya thermostat poyamba paja. Nditasintha rediyeta ndi chotsekera chake ndinabwerera pa chitunda chomwecho ndi katundu wofanana. Kachipangizo kowerengera kompyuta kanaonetsa 91 pokwera, 86 potsika.